Ndadzijambula ndi penti wa mafuta, koma nkhope yatuluka yachisoni

Wowerenga wa ku Chilenje, muno mu Lusaka, walemba kuti: "Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 28 ndipo ndimapeza chakudya polemba zikwangwani za mashopu ndi kujambula zithunzi za anthu. Mayi anga anatisiya chaka chatha. Miyezi itatu yapitayi ndinayamba kudzijambula ndekha ndi penti wa mafuta ndikudziyang'ana pagalasi. Sindinkafuna kujambula chisoni, koma nkhope imene yatuluka ndi ya munthu wolemedwa mtima, maso olowa m'kati ndi milomo yogwa. Mayi anga aang'ono atachiona anati ndikudziitanira tsoka chifukwa chikufanana ndi chithunzi choika pabokosi la maliro, ndipo mkazi wanga akuti munthuyo si ine, moti wachitembenuzira kukhoma. Mitundu nayonso yada ngati matope, malo ena akunyezimira pamene ena achita mbuu. Kodi ndichifafanize, ndichikonze kuti chizimwetulira, kapena pali chimene chalakwika mwa ine?"

Mbale wanga, pepani ndi imfa ya mayi, ndipo zikomo kuti mwatulutsa nkhani imene amuna ambiri amafa nayo mumtima. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: chithunzicho musachifafanize, ndiponso musapake kumwetulira pamwamba pake. Pa zaka zimene ndakhala ndikujambula ndi kuphunzitsa achinyamata mumzinda uno, ndaona kuti pafupifupi aliyense amene amadzijambula koyamba ndi penti wa mafuta amatulutsa nkhope yolemera kuposa imene anzake amaidziwa, ngakhale amene sanaferedwe. Chisoni chimene mukuchiona pachinsalucho chili ndi magwero osakanikirana. China chachokera pagalasi, china chachokera m'penti, ndipo china chachokeradi mumtima mwanu, choncho tiyenera kuzilekanitsa kuti musakonze ndi burashi chinthu chofuna kucheza ndi anthu, kapena kudera nkhawa chinthu chimene vanishi, mankhwala onyezimiritsa opaka pamwamba pa chithunzi chikauma, angachithetse.

Galasi ndilo anthu amaliiwala. Munthu akamacheza ndi anzake nkhope yake siikhala malo amodzi. Nsidze zimakwera, masaya amasuntha, maso amathamangira uku ndi uku, ndipo nkhope yoyendayendayo ndiyo imene achibale amaidziwa. Koma mukakhala pampando maola awiri kapena atatu mukuyang'anitsitsa kuti muyeze pamene mphuno yathera ndi pamene mthunzi wayambira, nsidze zimayandikana, zikope zimatsika chifukwa mukutsinzinira pang'ono kuti musiyanitse kuwala ndi mdima, milomo imatsekeka, ndipo minofu ya m'masaya imalefuka n'kugwera pansi. Imeneyo ndi nkhope ya munthu amene ali pantchito yofuna maganizo onse, ndipo woona amene sanakhalepo pampandowo amaiwerenga ngati chisoni. Palibe amene angamwetulire maola atatu osalekeza, n'chifukwa chake zithunzi zodzijambula zomwetulira n'zochepa kwambiri pakati pa ntchito za akatswiri akale.

Ndikuganizanso kuti mumajambula madzulo mukaweruka, pansi pa babu la kudenga. Kuwala kochokera pamwamba kumaika mthunzi m'maenje a maso, kunsi kwa mphuno ndi kunsi kwa mlomo wam'munsi, ndipo maso olowa amene mukuwadandaulawo nthawi zambiri amabadwira pamenepo. Magetsi akathima n'kuyatsa kandulo kapena nyale ya foni, mithunzi imasamukira kwina, kenaka chithunzi chimodzi chimasenza mithunzi ya nyale ziwiri zosagwirizana ndipo nkhope imaoneka yotopa kuposa mwini wake. Yesani kukhala pafupi ndi zenera masana, kuwala kuzikumenyani cham'mbali. Popeza Lusaka ali kum'mwera kwa equator ndi madigiri pafupifupi 15, dzuwa limadutsa chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, kotero zenera loyang'ana kum'mwera limapereka kuwala kofatsa kosasinthasintha, kupatula kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale pamene dzuwa limapendekera kum'mwera. Yalani pepala loyera pamiyendo panu kuti libwezere kuwala kunsi kwa chibwano ndi m'maso, kenaka muyerekeze nkhope imene muione pagalasi ndi imene ili pachinsalu. Chisoni chimene chitsale mutachita zimenezi ndicho chanu chenicheni.

Akazi anu ponena kuti munthuyo si inu sakunama, ndipo sakunyoza luso lanu. Galasi limatembenuza nkhope, kumanja kumapita kumanzere, ndipo palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake n'zofanana ndendende. Diso lina limakhala lotsika pang'ono, mphuno imapendekera mbali ina, mlomo umakwera kumodzi. Inu mwazolowera nkhope yotembenuka chifukwa ndiyo mumaiona m'mawa uliwonse, pamene iwo anazolowera inayo. Vincent van Gogh, wojambula wa ku Netherlands, anadzidula khutu lamanzere ku Arles, ku France, mu Disembala 1888, koma pachithunzi chimene anadzijambula mu Januwale 1889, chimene chili ku Courtauld Gallery ku London, bandeji ikuoneka ngati ili kukhutu lamanja, chifukwa ankajambula zimene galasi linkamuonetsa. Tsiku lina muli awiri, nyamulani chithunzicho muime nacho patsogolo pa galasi lalikulu, muwapemphe akazi anu kuti ayang'ane chithunzi cha m'galasimo. Chidzatembenukanso n'kubwerera m'mene iwo amakuonerani, ndipo ndaonapo achibale ambiri akuzindikira munthu wawo nthawi yomweyo. Ngati atakuzindikirani koma n'kupitirizabe kukana kuchiyang'ana, ndiye kuti chimene chikuwapweteka ndi kuona mwamuna wawo ali pachisoni chimene sanawauze, ndipo imeneyo ndi nkhani yoti mukhale pansi mukambirane.

Mawu a mayi aang'ono muwalandire mwaulemu. Kwathu kuno chithunzi cha munthu timachidziwa pa ukwati, pa tsiku lomaliza maphunziro, kapena ku situdiyo munthu atavala zovala zake zabwino koposa. Nkhope yokha, yosamwetulira, yoyang'ana molunjika, timaiona pachitupa ndi pamaliro. Mayiwo aika m'manda mkulu wawo chaka chatha chomwechi, ndipo tsopano akuona mwana wa mkulu wawoyo atadziika yekha m'maonekedwe amene iwo amawadziwira pabokosi. Mantha awo ndi a chikondi. Ine sindikhulupirira kuti penti amaitana tsoka, ndipo mbiri ya ojambula amene anadzijambula moyo wawo wonse mpaka kukalamba ikundichitira umboni, koma sindikukulangizani kuti mukatsutsane ndi kholo pankhani yotere. Chithunzicho chikhale kumene mumagwirira ntchito, chisapachikidwe pabalaza pamene aliyense wolowa m'nyumba akakamizika kuchiyang'ana, ndipo mukawachezera muwauze mwachindunji kuti mwawasowa mayi anu ndipo kujambula ndi njira imodzi imene mukuwalirira. Munthu wamkulu amamva chilankhulo chimenecho msanga kuposa mfundo za luso.

Zimene mwachitazi zili ndi akuluakulu amene anatsogola. Rembrandt wa ku Netherlands, amene anabadwa mu 1606 n'kumwalira mu 1669, anadzijambula ndi penti maulendo pafupifupi 40, kuyambira ali mnyamata ku Leiden mpaka chaka cha imfa yake ku Amsterdam. Ana ake atatu anamwalira ali makanda, mkazi wake Saskia anamwalira mu 1642, mu 1656 ngongole zinamugwetsa mpaka nyumba ndi katundu wake zinagulitsidwa, ndipo mwana wake Titus anamwalira mu 1668, bambo ake akadali moyo. Funani pa intaneti chithunzi chimene anadzijambula mu 1659, chimene chili ku National Gallery of Art ku Washington, muchikulitse pafoni mpaka muone mapazi a burashi. Zovala n'zakuda, manja ali mumthunzi ndipo anangowasonyeza mwachidule, kuwala konse anakusungira nkhope. Pankhopepo penti ndi wokhuthala, ndipo mukayandikira mupeza chikasu, kufiira, kutuwa ndi kubiriwira zili moyandikana osasakanizidwa mpaka kufa; tsitsi lina analikanda ndi chigwiriro cha burashi penti akadali wamuwisi. Palibe msozi ngakhale umodzi, palibe mlomo wopindika mokokomeza, koma aliyense woyang'ana amadziwa kuti munthuyu waona zambiri. Chisoni chake chili pa zinthu zazing'ono: khungu lolefuka kunsi kwa diso, kamzere pakati pa nsidze, ndi maso amene sakuthawa woona.

Kufupi ndi kwathu, Gerard Sekoto wa ku South Africa, amene anabadwa mu 1913, anadzijambula ndi penti wa mafuta mu 1947, chaka chimene anachoka kwawo kupita ku Paris, ndipo sanabwererenso mpaka anamwalira ku France mu 1993. Chithunzi chimenecho ndimachionetsa ophunzira anga onse, chifukwa ndi nkhope ya munthu wakuda yojambulidwa ndi mwini wake, ndipo kuwala kwachikasu kukumenya mbali imodzi pamene mbali ina ili mumthunzi wokhala ndi mitundu yakeyake. Frida Kahlo wa ku Mexico anayamba kudzijambula atagona pabedi pambuyo pa ngozi ya basi ya mu 1925, galasi litamangiriridwa pamwamba pake, ndipo anasiya zithunzi zodzijambula zoposa 50. Van Gogh nayenso anadzijambula maulendo oposa 35, ambiri ali ku Paris pakati pa 1886 ndi 1888, ndipo chifukwa chimodzi chinali chakuti analibe ndalama zolipira anthu oti amukhalire. Chifukwa chimenecho wojambula aliyense wa ku Chilenje, Matero kapena Kanyama akuchidziwa bwino.

Tibwere kwa penti, chifukwa apa pali zambiri zimene mungakonze ndi manja anu. Mitundu imasanduka matope pamene wojambula asakaniza mitundu yambiri pamodzi, pamene adetsa chilichonse ndi penti wakuda n'kuyeretsa chilichonse ndi penti woyera, komanso pamene abwereza kupaka pamalo amodzi penti wapansi asanaume. Munthu amene ali ndi chisoni amachita zimenezi kwambiri, chifukwa amabwerera padiso limodzimodzi usiku uliwonse osakhutira. Khungu lathu silijambulidwa ndi penti wakuda. Tengani mitundu iyi: burnt sienna, burnt umber ndi yellow ochre (mitundu ya dothi), wofiira mmodzi, ultramarine (wa buluu) ndi titanium white (woyera), chubu cha wakuda muchibise kaye. Mukasakaniza burnt umber ndi ultramarine mupeza mdima wozama umene mungaukokere kofunda powonjezera umber kapena kozizira powonjezera ultramarine. Kenaka yang'anitsitsani nkhope yanu pafupi ndi zenera: pachipumi, pamsonga ya mphuno ndi pamafupa a masaya khungu limabwezera thambo, choncho pamakhala kuwala kotuwira kopita ku buluu, kunsi kwa chibwano, m'khutu ndi m'mbali mwa mphuno muli kufiira kofunda, patsaya pamene kuwala kukusanduka mthunzi ndi pamene mtundu weniweni wa khungu umaonekera kwambiri. Mukawalitsa khungu lakuda ndi penti woyera yekha limachita mbuu, ndipo khungu lotuwa chotero anthu athu amalidziwira pa wodwala ndi pa mtembo. N'kutheka kuti chimene chinawaopsa mayi aang'ono ndi kutuwa kumeneku kuposa maonekedwe a maso. Walitsani ndi yellow ochre ndi kadontho ka wofiira, woyera abwere pomalizira penipeni ndipo akhale wochepa.

Malo amene achita mbuu pamene ena akunyezimira ali ndi chifukwa china. Chinsalu chamwa mafuta a m'pentiyo n'kusiya ufa wa mtundu uli pamwamba wopanda chounyezimiritsa. Zimachitika kwambiri ndi mitundu ya dothi monga umber, zimakula mukasungunula penti ndi turpentine wambiri, ndipo zimafika poipa ngati chinsalucho munachikonza ndi penti wa khoma wa PVA, monga ambiri amachitira pofuna kupulumutsa ndalama. Pamalo amene mukufuna kupakanso, dikirani paume mpaka chala chisamatenge penti, mupakepo mafuta a linseed (amene amasakanizira penti wa mafuta) ochepa kwambiri ndi kansalu kosathothoka, kenaka mupukute mpaka patsale chinyezi chokha. Mdima udzabwerera ndipo mudzaona mitundu imene mumaganiza kuti inatayika. Musadzoze chithunzi chonse mafuta, chifukwa mafuta ochuluka amachita chikasu m'kupita kwa zaka. Chithunzi chikatha, vanishi ndiye amafananitsa kunyezimira konse, koma womaliza amapakidwa patapita miyezi 6 mpaka 12, malinga ndi kukhuthala kwa penti. Pa chinsalu chotsatira pakani gesso wa acrylic, penti wokonzera chinsalu, kawiri kapena katatu musanayambe. Penti wa mafuta amakhala bwino pamwamba pa acrylic, koma acrylic pamwamba pa mafuta amasupuka, ndipo mafuta akakhudza chinsalu chosakonzedwa amachifumbwitsa pang'onopang'ono.

Muyenera kudziwanso kuti penti wa mafuta sauma chifukwa chakuti madzi auluka, monga amachitira penti wosungunula ndi madzi. Amalimba pokoka mpweya, ndipo ntchito imeneyi imatenga masiku pamwamba koma miyezi m'kati. N'chifukwa chake lamulo lakale limati zopaka zoyambirira zikhale zopyapyala ndi za mafuta ochepa, ndipo zotsatira zikhale ndi mafuta ochulukirapo. Mukatembenuza dongosololi, pamwamba pamalimba pansi pakadali pofewa, ndipo chithunzi chimang'aluka monga limachitira thope la m'dambo dzuwa likaumitsa pamwamba pokha. Umber amauma msanga, pamene ivory black ndi mitundu ya cadmium imachedwa. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi zonse zimachedwerapo, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mdani ndi fumbi la mphepo, limene limamatirira papenti wamuwisi osachokanso, ndipo m'nyengo ya mvula mdani ndi nkhungu kuseri kwa chinsalu. Choncho akazi anu pochitembenuzira kukhoma sanachiwononge, bola chikhale chotsamira kuti penti asakhudze khoma, khomalo lisakhale lachinyezi, ndipo mpweya uzidutsa. Penti wa mafuta akakhalitsa mumdima amachita chikasu, koma amayeranso mukamuika masiku angapo pamalo owala posafika dzuwa lenileni.

Pali zoopsa zimene sindingazidumphe. Turpentine ndi white spirit, zosungunulira penti, zimatulutsa mpweya umene umapweteketsa mutu, kuchititsa chizungulire ndi kufooketsa thupi, ndipo munthu amene akujambula usiku m'chipinda chotseka akhoza kudzuka wolemera thupi n'kumaganiza kuti zonse ndi chisoni. Tsegulani zenera, vindikirani botolo, ndipo musayatse mbaula m'chipinda chimene muli mankhwala amenewa, chifukwa amagwira moto msanga ndipo utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka; ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena muziviike m'chitini cha madzi. Petulo musatsukire maburashi. Mafuta ophikira angathe kuchotsa penti paburashi musanaitsuke ndi sopo, koma asalowe m'penti wa pachithunzi chifukwa sauma. Sambani m'manja musanadye, ndipo ngati m'nyumba muli ana, machubu a mitundu ya cadmium ndi cobalt akhale patali chifukwa ali ndi poizoni.

Nanga chithunzicho muchite nacho chiyani? Ine ndingachisiye milungu itatu kapena inayi osachikhudza, chifukwa penti akufunika kuuma ndipo maso anu akufunika kuchiiwala. Mukabwerera, konzani zimene zili zolakwika pa luso: kutuwa kwa khungu, mithunzi yosagwirizana, diso limene lasuntha pamalo pake. Maonekedwe a nkhope muwasiye. Kumwetulira sikukhala pamilomo pokha. Kumakweza masaya, kumachepetsa maso, kumasintha mthunzi wa mphuno, kotero mukapinda milomo yokha pankhope yojambulidwa ili phee, mudzapeza munthu womwetulira ndi maso olira, ndipo chithunzi chotero chimasautsa kuposa chimene muli nachochi. Ngati mukufuna kuti akazi anu akhale ndi chithunzi chanu chimene angachipachike mosangalala, chijambuleni chatsopano pachinsalu china, ndipo palibe manyazi pogwiritsa ntchito chithunzi cha foni chimene iwo anakujambulani mukuseka. Ndikuchenjezeninso za mbali inayo. Achinyamata ena akauzidwa kuti chithunzi chachisoni n'chovomerezeka amayamba kuwonjezera misozi, maunyolo, mitambo yakuda ndi mitima yosweka, ndipo zotsatira zake zimakhala chikwangwani cholengeza chisoni. Chimene chili pachinsalu chanu chinabwera musanachiitane, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Lembani mwezi ndi chaka kuseri kwake, ndipo chaka chamawa mudzadzijambulenso pamalo omwewo kuti mudzaone zimene zasintha pa luso ndi pa nkhope.

Musagwire ntchitoyi nokhanokha. Pitani ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, kumene kuli likulu la Zambia National Visual Arts Council. Nyumbayo inatchedwa dzina la Henry Tayali, wojambula ndi wosema amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987, ndipo kumeneko mukapeza ojambula anzanu amene angayang'ane chinsalu chanu ndi maso a ntchito. Lechwe Trust, imene inakhazikitsidwa mu 1986 ndipo Tayali anali mmodzi mwa oyambitsa ake, ili ndi nyumba yoonetsera zithunzi ku Rhodes Park, ndipo ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue kulinso ntchito za ojambula a dziko lino. Kuona penti weniweni ndi maso, kukhuthala kwake ndi m'mene akuwalira, kumaphunzitsa zimene foni siingaphunzitse. Za kuonetsa chithunzi chanu poyera kapena kuchigulitsa musafulumire; chikachoka m'manja mwanu simudzachibweza, ndipo nyengo imene mukulirabe mayi si nthawi yabwino yosankha zinthu zosabwezeka.

Funso lanu lomaliza ndilo lalikulu, ndipo ndiliyankha monga mphunzitsi wa zojambula amene wakhala pafupi ndi achinyamata ambiri oferedwa, osati monga dokotala. Kulira mayi patatha chaka si matenda. Maliro n'kulirana, ndipo kwathu timalirana bwino masiku oyambirira: anthu amagona pasiwa, makwaya amaimba usiku wonse, achibale amachokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke. Koma mwambo ukatha aliyense amakwera basi kubwerera kwawo, ndipo mwana wamwamuna amene anathamanga ndi za bokosi, za manda ndi za chakudya cha anamalira amapezeka kuti sanapeze mpata wolira, kenaka amauzidwa kuti alimbe mtima chifukwa ndiye mutu wa banja tsopano. Chisoni chosalira chimenecho chimafuna potulukira, ndipo kwa inu chatulukira pachinsalu. Ngati mukamaliza kujambula mumamva kupepukidwa, mukudya, mukugona, mukupita kuntchito, ndipo nthawi zina mumaseka ndi anzanu, ndiye kuti kujambulako kukukuthandizani ndipo pitirizani.

Koma dzifunseni moona mtima ngati zinthu zili choncho. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, tulo tasowa kapena mukungogona, chakudya sichikulowa, ntchito za makasitomala zaima, mukudziona wopanda pake kapena mukudziimba mlandu pa imfa ya mayi, kapena mowa wachuluka kuti mugone, zimenezo ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, ndipo matendawa amachizika. Chizindikiro china chimene ndimachiyang'ana mwa ojambula ndi ichi: munthu amadzitsekera ndi galasi usiku wonse, amapaka n'kufafaniza nkhope yomweyo, ndipo amachoka pampando ali woipirapo kuposa m'mene anakhalira. Zikafika pamenepo galasi liphimbeni kaye, mujambule zinthu za panja monga msika, mitengo kapena ana akusewera, ndipo mukaonane ndi achipatala. Mungayambire pa kiliniki ya m'dera lanu, kumene angakutumizeni kwa aphungu kapena madokotala a maganizo. Chainama Hills Hospital pa Great East Road ndi chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko lino, ndipo ku University Teaching Hospital kulinso chithandizo chotere. Ndikudziwa kuti dzina la Chainama anthu amalitchula monyoza m'misewu, koma kumeneko kumapita anthu wamba ambiri amene amalandira uphungu kapena mankhwala n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Abusa kapena mkulu wa banja amene mumamukhulupirira angayende nanu limodzi, koma pemphero ndi chipatala zisapikisane.

Musamvere amene amati wojambula ayenera kuvutika kuti ntchito yake ikhale yozama, ndipo akachira luso limatha. Amakonda kutchula Van Gogh, koma iye analowa mwa kufuna kwake m'chipatala cha ku Saint-Rémy mu Meyi 1889 pofuna chithandizo, ndipo matenda akamugwira mwamphamvu ankalephera kujambula kwa milungu. Zithunzi zimene dziko likuzitama lero anazipanga pamene mutu unali utakhazikika. Anamwalira mu 1890 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo ntchito imene akanaigwira atakalamba palibe amene anaiona. Ine ndikufuna kudzaona zithunzi zimene mudzajambule muli ndi zaka 50 ndi 60.

Ngati maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza anakufikiranipo, ngakhale kamodzi, ngakhale mukuona ngati simungachite, musadikire kuti mwezi uthe kapena kuti chithunzi chiume. Uzani akazi anu kapena mbale wanu lero lomwe ndi mawu omveka, apempheni kuti asunge kutali mankhwala, zingwe ndi mabotolo a turpentine, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku. Mukafika musangonena kuti mutu ukupweteka kapena tulo tasowa, monga amuna ambiri amachitira. Auzeni kuti mayi anamwalira liti, kuti mwakhala mukumva bwanji kuyambira pamenepo, ndi maganizo amene akhala akukubwererani, kuti adziwe chithandizo choyenera kukupatsani.